Ndingatchule sukulu yanga ya makompyuta kuti Microsoft Excel Academy? Yankho kwa mayi a ku Mangochi

Funso ndalifupikitsa koma mfundo zake ndi izi. Mayiwa akuti: "Ndili ndi kasukulu ka makompyuta chakufupi ndi M'baluku, makompyuta alipo 8, ndimaphunzitsa Word, Excel ndi QuickBooks kwa ana omaliza fomu 4 komanso ogwira ntchito m'malo ogona alendo kunyanjaku. Ndikufuna dzina likhale Microsoft Excel Academy Mangochi, logo yawo ikhale pachikwangwani ndi pa satifiketi. Wolemba chikwangwani ndamupatsa kale dipoziti. Achimwene anga ali ku Joni akuti ndimangidwa, anzanga akuti azungu a ku America sangabwere kudzaona chikwangwani cha ku Mangochi. Zoona ndi ziti?"

Mayi, choyamba zikomo kuti mwafunsa utoto usanagulidwe, ambiri amatipeza chikwangwani chitakwera kale pamwamba, masatifiketi atasindikizidwa kale mulu ku Blantyre, ndiye nkumayamba kulira ndalama. Achimwene anuwo akukokomeza, anzanuwonso akuipeputsa nkhaniyi. Apolisi sabwera ndi unyolo chifukwa choti mwalemba mawu oti Excel pakhoma ayi, koma dzina mwasankhalo ine sindingakuloleni kulipentetsa olo mutakhala mlongo wanga wa bere limodzi.

Nkhani yonse yagona apa, dzina la eni ake mutha kulitchula pofotokoza zomwe mumaphunzitsa, koma musalivale ngati ndi lanu. Kulemba kuti "timaphunzitsa Microsoft Excel" ndi kunena zoona basi, palibe angakuletseni. Koma "Microsoft Excel Academy" ndi dzina, ndipo munthu wodutsa pa kabaza akaliwerenga aganiza kuti sukuluyo ndi ya Microsoft, kapena kuti a Microsoft anabwera nkudzaivomereza. Mawu ndi omwewo eti, koma makhothi akhala akudula milandu pa kamzere kakang'ono komweka.

Taganizani za amakanika a m'mbali mwa msewu. Wa garaja akalemba kuti timakonza Toyota ndi Nissan, akanalemba bwanji mwina? Timakonza magalimoto aja a ku Japan oyamba ndi T aja? Sizingatheke, mwini Sienta wafera panjira akufuna adziwe msanga ngati mmisiriyu amaidziwa galimoto yake, ndiye dzinalo liyenera kutchulidwa basi. Wokonza mafoni pamsika naye amalemba Tecno, itel, Samsung, palibe amaganiza kuti mnyamatayo watumidwa ndi Samsung kuchokera ku Korea. Koma wa garaja yemweyo atati alembe chachikulu kuti TOYOTA MANGOCHI, nkujambula chizindikiro chija cha timikombero tolowana, anyamata ake nkuvala maovolosi ofiira olembedwa Toyota kumsana, apo ndiye zasintha, anthu ayamba kubwera akuganiza kuti afika kwa dila weniweni.

Chitsanzo cha garajachi sindinachitole mumsewu chabe, milandu ikuluikulu pa nkhaniyi inachokeradi ku magaraja. Mu 1999 khothi lalikulu la mayiko a ku Ulaya linagamula mlandu wa BMW ndi bambo wina dzina lake Deenik, anali ndi garaja mumzinda wa Almere ku Netherlands, sanali dila wa BMW koma ankatsatsa kuti amakonza ma BMW. Khothi linati BMW singamuletse kuuza anthu ntchito yomwe amagwiradi, pokhapokha ngati akutsatsa mwanjira yoti anthu aziganiza kuti pali ubale wa bizinesi pakati pa iye ndi kampaniyo. Kenako mu 2017 ku England kunabwera wina, garaja ya ku London yotchedwa Technosport, iwowa anaphatikiza maina, ankalemba Technosport BMW pa malaya a antchito, pa vani komanso pa Twitter. Khothi la apilo linati ayi apa mwadumpha malire, kunena kuti ndife akatswiri okonza BMW ndi kudziwitsa anthu, koma kumata BMW pa dzina lanu ndi kuwasocheretsa. Mukaonetsetsa, Microsoft Excel Academy Mangochi ndi Technosport BMW ndi ana a mimba imodzi.

Ku America zimenezi amazitcha nominative fair use, kutanthauza kuti wagwiritsa ntchito trademark, dzina kapena chizindikiro cha malonda cha mwini, pongofuna kutchula chinthu cha mwiniyo, osati kugulitsira chako. Zinakhazikika mu 1992 pa mlandu wa gulu loimba la New Kids on the Block, nyuzipepala ziwiri zinkafunsa owerenga kuti aimbe foni anene yemwe amamukonda m'gululo, oimbawo nkusuma kuti mukudyera dzina lathu. Woweruza Alex Kozinski anaika mafunso atatu omwe mpaka lero maloya timayambira pomwepo: kodi chinthucho mukanatha kuchitchula popanda dzinalo, kodi mwatenga zokhazo zofunikira kapena mwakokera ndi zina, ndipo kodi mwachitapo chilichonse chopangitsa anthu kuganiza kuti eni ake ali nanu limodzi. Inu funso loyamba mwakhoza bwinobwino, Excel ilibe dzina lina, simungalembe kuti kosi ya pulogalamu ija ya timabokosi. Lachiwiri ndi lachitatu ndi pomwe logo ndi dzina lija zikukugwetsani.

Nanga kuno kwathu? Chigamulo cha ku America sichimanga woweruza wa ku Malawi, olo cha ku England masiku ano sichimumanga koma amachimvetsera kwambiri poti malamulo athu ambiri mizu yake ndi yakomweko. Lamulo lathu ndi Trademarks Act ya 2018, inalowa m'malo mwa lakale la 1957 lomwe tinali nalo kuyambira nthawi ya chitaganya. Zinthu ziwiri m'lamulo latsopanoli zikukukhudzani inu. Choyamba linabweretsa chitetezo cha maina a ntchito zothandiza anthu, osati katundu wogwirika yekha ngati kale, ndiye kuphunzitsa anthu nakonso kuli mkati, pa magulu 45 omwe trademark imalembetsedwa padziko lonse maphunziro ali mu gulu 41, mapulogalamu a kompyuta mu gulu 9. Chachiwiri limateteza maina otchuka kwambiri, ndiye kaganizidwe koti mwina sanalembetse kuno nditha kulitenga musakadalire, dzina loti mwana wa sitandade 6 ku Namwera akulidziwa simungakanene kukhothi kuti silotchuka. Komanso kulembetsa Malawi masiku ano sikufuna kuti munthu akwere ndege, kampani itha kudzera ku ARIPO, ofesi ya mayiko a mu Africa yolembetsa maina amenewa ku Harare, pansi pa pangano la Banjul Protocol, kapena ku WIPO, inzake ya padziko lonse ku Geneva, poti tinalowa pangano la Madrid Protocol kumapeto kwa 2018. Pamwamba pa izo pali mlandu wakalekale wotchedwa passing off, wosumira munthu yemwe akudzionetsa ngati bizinesi yake ndi ya wina, umenewu sufuna nkomwe kuti dzina likhale lolembetsedwa. Mbali yokomera inu iliponso, pangano la TRIPS lomwe Malawi ali nalo ngati membala wa WTO, bungwe la zamalonda padziko lonse, pa gawo 17, limalola mayiko kusiya mpata woti anthu azitchula maina mofotokozera mwachilungamo. Konsekonse funso lenileni ndi limodzi, kasitomala wamba asokonezeka kapena ayi.

Ndiye tiyeni pa chikwangwani chenichenicho. Sukulu ikhale ndi dzina lakelake, la inu, la mwana wanu, la mudzi, la mtengo wa mgwalangwa uli pakhomopo kaya, limenelo ndiye likhale lalikulu pamwamba. Maina a mapulogalamu abwere pansi, zilembo zocheperapo, zolembedwa wamba, ngati mndandanda wa zomwe zimapezeka muno. Maina a makosi nawonso chimodzimodzi, "Kosi ya Microsoft Excel ya oyamba kumene" zili bho, "Kusunga mabuku a bizinesi pogwiritsa ntchito QuickBooks" zili bho kwambiri chifukwa zikuonetseratu kuti QuickBooks ndi chida chabe, ntchitoyo ndi yanu. Mawu oti muwathawe ndi awa ofanana ndi official, authorised, certified, approved, partner, ndi Chichewa chake chomwe, ovomerezeka ndi, othandizana ndi, nthambi ya. Amenewa si mawu okometsera malonda ayi, ndi mawu onena kuti pali pepala losainirana, ndipo ngati pepalalo mulibe ndiye kuti mwanama poyera.

Logo isiyeni. Ndikudziwa kuti ka X kobiriwira kaja kamakongoletsa fulaya, ndipo aliyense wopanga mafulaya pa foni amangokatsitsa pa intaneti nkumata, koma kumbukirani funso lachiwiri lija, mwatenga zokhazo zofunikira? Dzina mumalifuna kuti anthu adziwe chomwe aphunzire, logo simuifuna pa chimenecho, ntchito yake ndi kuonetsa kuti chinthu chachokera kwa eni ake. Makampaniwa analemba okha malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka maina awo ndipo ali poyera pa mawebusayiti awo, Microsoft, Adobe, Intuit eni ake a QuickBooks, onse nyimbo yake ndi imodzi, tchulani dzina molondola, logo ayi popanda chilolezo, ndipo musaliike m'dzina la kampani yanu kapena la webusayiti. Olo a mapulogalamu aulere ali ndi zawo, WordPress ndi yaulere koma eni dzinalo amakana kuti muliike mu adiresi ya webusayiti yanu, Linux ndi yaulere koma dzinalo ndi trademark ya Linus Torvalds. Ulere wa pulogalamu si ulere wa dzina.

Pansi pa fulaya ndi pa peji ikani kamzere konena kuti Microsoft ndi Excel ndi maina a kampani ya Microsoft, sukulu ino ndi yoima payokha ndipo siili pansi pa kampaniyo. Lembani m'Chichewa momwe, osati Chizungu chokha choti ana anuwo sachiwerenga. Koma kamzereka si mankhwala ochotsa tsoka, simungalembe MICROSOFT ACADEMY zilembo zotalika ngati munthu kenako pansi timalemba ta nyerere toti sitili nawo limodzi, woweruza amayang'ana chomwe diso la munthu wodutsa limagwira poyamba.

Wina anena kuti komatu excel ndi mawu wamba a Chizungu, kutanthauza kupambana, masukulu a pulaivetiwa ambiri amakonda mawu ngati amenewa. Zoona, nazale yotchedwa choncho palibe angaiganizire za Microsoft. Koma inu mukugulitsa maphunziro a pulogalamu yomweyo, makompyuta akuonekera pawindo, ndiye kuti muimirire nkunena kuti ine ndimatanthauza kupambana basi, aaa olo loya wanu yemwe aseka.

Tsopano pomwe ine ndikuopa kwambiri si pachikwangwani, ndi pa satifiketi. Chikwangwani mutha kuchifufuta mawa mmawa, satifiketi ikatuluka pakhomo panu imayenda zaka, imalowa m'ma envulopu a khaki, imafika pa matebulo omwe inu simudzawaona. Ndinakhalapo pa gulu lofunsa anthu ntchito ya ukalaliki, kunabwera mnyamata wooneka bwino, shati yoyera yositidwa mpaka m'kolala, anatulutsa satifiketi yokutidwa mu pulasitiki, pamwamba logo ya Microsoft ya mabokosi anayi ija, pakati dzina lake mwa zilembo zopindapinda, pansi mawu oti Microsoft Certified ndi sitampu ya kasukulu kena. Mnzathu wa IT anaitembenuza kumbuyo, kuitembenuzanso, nkufunsa kuti nambala yotsimikizira ili pati, mayeso munalembera senta iti. Mnyamata uja anangoti kakasi, iyeyo ankadziwa kuti ali ndi satifiketi ya Microsoft, makolo ake anagulitsa mbuzi pa chikhulupiriro chimenecho. Chowawa nchoti titamupatsa laputopu Excel ankaidziwa ndithu, mafomula ankawalemba osayang'ana pena, koma anzanga ena anali atayamba kale kumuona ngati wabwera ndi pepala labodza. Amene anamuphunzitsa anaphunzitsa bwino, nkumuononga ndi logo.

Satifiketi yeniyeni ya Microsoft pa Word ndi Excel imatchedwa Microsoft Office Specialist, mwachidule MOS, mayeso ake amayendetsa ndi a Certiport, munthu amalembera pa senta yovomerezeka ndipo zotsatira zake olemba ntchito atha kuzitsimikiza pa intaneti. Cisco ali ndi yawo Networking Academy yomwe sukulu imachita kulowa mwa pangano, Intuit ali ndi ProAdvisor, ICDL, satifiketi ina ya makompyuta, nayo ili ndi masenta ake. Ngati mtima wanu uli pamenepo njira yake ndi kufunsira nkukhala senta, akakuvomerezani adzakupatsani okha logo yoti muzigwiritsa ntchito ndi malamulo ake, ndiye apo muzidzaikweza monyada. Pakadali pano satifiketi yanu inene zoona zokhazokha: dzina la sukulu yanu pamwamba, uje wamaliza kosi ya masabata akuti ya Microsoft Excel, anaphunzira zakuti ndi zakuti, tsiku, siginecha yanu. Mutha kunenanso kuti kosi yanu imakonzekeretsa munthu mayeso a MOS ngati mumaphunzitsadi motsata silabasi yake, kukonzekeretsa ndi zina kupereka satifiketi ndi zina. Ndipo apa ndi pomwe mawu a achimwene anu akuyandikira zoona, milandu ya trademark yambiri ndi yosumirana, khothi limalamula kuti siyani ndipo mwina lipirani, koma kulandira fizi kwa kholo mutaliuza kuti mwana atenga satifiketi ya Microsoft pomwe mukudziwa kuti si choncho, kumeneko ndi kupeza ndalama mwachinyengo, nkhani ya Penal Code, ndipo wokakunenezani sachokera ku America, achokera ku Mpondasi konkuno.

Za anzanu oti azungu sangabwere, mwina sangabweredi, sindikunamizani kuti pali munthu ku Redmond, kulikulu la Microsoft, akuyang'ana mapu a Mangochi. Koma masiku ano safunika kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi kuti akupezeni. Ophunzira anu ambiri amakupezani pa Facebook ndi pa WhatsApp eti? Facebook ili ndi fomu yoti mwini trademark adandaule, ndipo dandaulo likamveka positi kapena peji imatha kuchotsedwa popanda khothi lililonse, anthu onse munawasonkhanitsa aja nkusowa pokupezani. Makampani akuluwa amalemba ntchito anthu ongosakasaka maina awo pa intaneti, ndipo kuchepa kwanu si chishango, mu 2004 Microsoft inalimbana ndi mnyamata wa sekondale ku Canada, Mike Rowe, chifukwa cha webusayiti yake MikeRoweSoft.com, zinathera pa kugwirizana koma dzinalo analisiya. Kuonjezera apo pali a CFTC, bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, kutsatsa kosocheretsa ogula ndi nkhani yawo ndipo aliyense atha kukadandaula, kuphatikizapo mnzanu wa sukulu ina yemwe mwamulanda ophunzira. Komanso tsiku lomwe NGO ina idzafune kuti muphunzitse antchito ake, kapena mudzafune kukhala senta yovomerezeka ija, chinthu choyamba kuonedwa ndi dzina lanu, mudzayamba ndi kupepesa.

Ndipatuke pang'ono, poti mwatchula makompyuta 8. Microsoft Office, ya Word ndi Excel ija, ili mmenemo ndi yogula kapena ndi ija anakuikirani mnyamata wa pa flash, yomwe imatulutsa kauthenga kofiira pamwamba? Sindikufuna yankho pagulu pano. Ndikungoti imeneyo ndi nkhani ina, ya copyright osati trademark, mapulogalamu a kompyuta amatetezedwa ndi Copyright Act ya 2016, ndipo munthu wokweza logo ya eni pakhomo pomwe mkatimo muli makope okuba akuchita kudziitanira. Ngati layisensi yavuta, LibreOffice ndi yaulere mwalamulo ndipo zoyambira zambiri ndi zofanana, kungoti mukatero muwauze ophunzira zoona, musalembe Excel pa fulaya nkumaphunzitsa Calc, pulogalamu ya LibreOffice yofanana nayo. Manotsi nawonso lembani anu, osangofotokopa buku la eni lonse nkumata dzina lanu pachikuto, ndipotu anu adzakhala abwino kuposa, zitsanzo zake zikhale za mabigili a usipa, za ma buking'i a zipinda nthawi ya Khirisimasi, za ngongole za banki mkhonde, zomwe ana anuwo akazipezedi kuntchito.

China chomwe anthu amasokoneza, kulembetsa dzina la bizinesi si kulembetsa trademark. Ena amati boma linandipatsa satifiketi ya bizinesi pa dzina limeneli ndiye ndi langa, ayi mayi, pepala limenelo likungonena kuti bizinesi yakuti ilipo ndipo mwini wake ndi uje, silikupatsani mphamvu pa dzina la Microsoft, ndipo silikutetezani eni ake akadandaula. Mukapeza dzina lanulanu labwino, limenelo ndiye mutha kukalilembetsa ngati trademark ku ofesi ya boma yolembetsa ma trademark mu gulu 41, chitetezo chake ndi zaka 10 ndipo mumachionjezera zikatha. Si zachangu poti mukuyamba kumene, koma mukadzatsegula ina ku Monkey Bay kapena ku Namwera mudzalifuna, nthawi imeneyo wokuberani dzina adzakhala ali pafupi kuposa America. Ndipo ngati mukufuna kuti pepala lanu lizilemera pamaso pa olemba ntchito a kuno, pitani mukacheze ndi a TEVETA za kulembetsa sukulu yanu, bwana wa ku Mangochi kapena ku Lilongwe chomwe amafunsa kawirikawiri ndi chimenecho.

Dipoziti yanu sinapite, wolemba chikwangwaniyo muimbireni lero asanayambe kudula zilembo. Mumuuze kuti mzere wapamwamba ndi dzina la sukulu yanu, lalikulu loti wa minibasi aliwerenge akuthamanga. Mzere wachiwiri, Sukulu ya Makompyuta. Wachitatu zilembo zocheperako, Timaphunzitsa Microsoft Word, Microsoft Excel ndi QuickBooks, zonse mtundu umodzi, asayese kutengera kalembedwe ka eni ake kapena kuika Excel mobiriwira ndi Word mwa buluu ngati mmene zimaonekera pa kompyuta. Kenako nambala yanu ya foni. Malo omwe munasungira logo aja ajambulepo laputopu, kapena chambo chikutaipa ngati ali ndi luso, ndipo muimirire pompo akamalemba QuickBooks, Q ndi B ndi zazikulu ndipo palibe mpata pakati, ndaonapo zikwangwani zolembedwa Kwik Box.